Chimangirizo cha ku Koleji Chiyambire pa Zimene Maso Adaona

Chaka ndi chaka, mayeso a Fomu 4 akamayandikira, m'sukulu zathu za sekondale mumayamba kuyendayenda timapepala tokwinyika tolembedwa ndi manja osiyanasiyana. Timapepalato si ta masamu kapena ta sayansi ayi. Ndi zimangirizo zimene wina adalemba kalekale, ndipo ophunzira amapatsirana kuti aziloweze monga m'mene tinkalowezera katekisimu tili ana. Pali cha tsiku losaiwalika, pali cha ngozi ya pamseu, palinso cha kuipa kodula mitengo mosasamala. Mwana akalowa m'chipinda cha mayeso amangosakasaka mutu wofanana ndi zimene adaloweza, ndipo akaupeza amakhuthulira zonse papepala.

Ine ndachongapo zimangirizo zotere zosawerengeka. Chaka china, m'kalasi limodzi, ndidapeza ana 7 amene onse adadzuka m'mamawa mbalame zikuimba mokoma, onse adakwera basi ya dalaivala woledzera, ndipo onse adatsitsimukira m'chipatala amai ao akulira pambali pa bedi. Nditawafunsa, padalibe ndi mmodzi yemwe amene adachitapo ngozi. Chingerezi chao chidali chosalala ndithu, koma paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'zimangirizo zonsezo mudalibe munthu.

Ena mwa ana otere amakhoza bwino nasankhidwa kupita ku univesite kapena ku koleji ya aphunzitsi. Kumeneko, m'chaka choyamba, amakumana ndi phunziro la chiyankhulo ndi kalembedwe, ndipo amauzidwa kuti alembe maganizo ao pa nkhani imene sadaimvepo ndi kuwachirikiza ndi umboni. Apa ndi pamene timapepala tija timathera mphamvu. Inenso zidandionekera. Chimangirizo changa choyamba cha ku koleji chidabwerera chili psuu ndi inki, ndipo pansi pake aphunzitsi adalembapo funso limodzi lokha: “Nanga inuyo mukuti bwanji?” Ndidali nditadzaza masamba atatu osanenapo kanthu.

Kodi tsono wophunzira wotere angaphunzitsidwe bwanji kulemba? Yankho limene ndikufuna kuliimira kumbuyo m'gawo lino ndi lakuti ayambire pa nthano, ndakatulo ndi nkhani za zimene maso ake adaona, kenaka awoloke kupita ku chimangirizo cha maphunziro apamwamba. Ena pakumva izi ati ndi masewera. Tiyeni tione ngati alidi masewera.

KUMENE PHUNZIROLI LIDACHOKERA

Dandaulo lakuti ana ochokera ku sekondale sadziwa kulemba si lathu lokha, ndiponso si la lero. Phunziro la chimangirizo la m'chaka choyamba lidabadwira ku Amereka chifukwa cha dandaulo lomweli. Mu 1874 Univesite ya Harvard idayamba kupereka mayeso olemba Chingerezi kwa achinyamata ofuna malo, ndipo pafupifupi theka la iwo ankalephera, chonsecho ambiri adali ochokera m'sukulu zotchuka ndipo Chingerezicho adachita kuyamwira. Akuluakulu a univesiteyo adagwira njakata. Pofika 1885 phunziro lotchedwa English A lidakhala lokakamiza kwa wophunzira aliyense wa chaka choyamba, motsogozedwa ndi Adams Sherman Hill, amene adagwirapo ntchito ya utolankhani asadakhale mphunzitsi. Makoleji ena adatengera, kotero kuti kufikira lero ophunzira ambiri a chaka choyamba ku Amereka amadutsa m'phunziro lotere, kaya afuna udokotala kaya uinjiniya.

Pa Harvard pomwepo, m'zaka za m'ma 1880, mphunzitsi wina dzina lake Barrett Wendell ankalamula ophunzira ake kulemba tsamba limodzi tsiku lililonse pa chinthu chimene aona kapena kumva tsikulo. Ankafuna kuti azolowere kupenyetsetsa ndi kupeza mau okwanira pa chimene apenyacho. Wolemba mbiri ya maphunzirowa, D. G. Myers, adaonetsa m'buku lake la 1996 lotchedwa The Elephants Teach kuti phunziro la kupeka nkhani ndi ndakatulo m'makoleji a ku Amereka lidaphuka kuchokera m'makalasi oterewa. Chotero chimangirizo ndi nthano ndi ana a bere limodzi amene adadzasiyana atakula. Chimangirizo chidasanduka phunziro losaka zolakwa ndi kutsata chikombole cha ndime zisanu: chiyambi, mfundo zitatu ndi mathero. Kupeka nkhani nako kudamanga nyumba yakeyake, makamaka Univesite ya Iowa itatsegula bwalo lake la alembi mu 1936, kumene alembi achinyamata amawerengerana ndi kudzudzulana pa zolemba zao.

Padapita zaka aphunzitsi asadayambe kugwirizanitsanso abale awiriwa. Mu 1966 aphunzitsi a Chingerezi a ku Amereka ndi ku Britain adasonkhana pa koleji ya Dartmouth, ndipo buku limene John Dixon adalemba mu 1967 pofotokoza za msonkhanowo, Growth through English, lidatsindika kuti chiyankhulo cha mwana chimakula pamene akuchigwiritsa ntchito pa zinthu zimene iye mwini wakumana nazo. Mu 1972 Donald Murray, mtolankhani amene adasanduka mphunzitsi pa Univesite ya New Hampshire, adalangiza aphunzitsi kuti aleke kuyang'ana pepala lomalizidwa lokha, koma aphunzitse ulendo wonse umene mlembi amayenda: kukonzekera, kulemba ndi kulembanso. Iye ankawerengera kuti kukonzekera kumadya pafupifupi magawo 85 mwa 100 a nthawi ya mlembi. Mu 1973 Peter Elbow adatulutsa buku lotchedwa Writing Without Teachers, m'mene adaphunzitsa kulemba kosaimitsa dzanja: munthu alembe kwa mphindi 10 osaima, osafufuta, osabwerera m'mbuyo, pakuti kubala maganizo ndi kuwasefa ndi ntchito ziwiri zimene zimapingana zikachitikira pamodzi. Pambuyo pake Wendy Bishop wa pa Florida State University, amene adali mlakatuli komanso mphunzitsi wa chimangirizo, adalimbikira kuti mpanda wolekanitsa maphunziro awiriwa ugwetsedwe, monga adachitira m'buku lake la 1990, Released into Language.

ZIMENE NTHANO IMAPHUNZITSA

Mbiri payokha siingakhutiritse mphunzitsi amene ali ndi choko m'manja. Iye afuna kudziwa kuti kupeka nkhani kumampatsa chiyani wophunzira amene mawa adzalemba lipoti la za ulimi kapena za malamulo. Ine ndidayesa njirayi ndi achinyamata amene adamaliza Fomu 4 ndipo ankadikira kupita ku koleji, ndipo ndidaona zinthu zisanu.

Choyamba ndi kupenya. Tsiku lina ndidawatuma kuti aliyense akakhale kuchigayo kwa ola limodzi ndi kudzalemba zimene waona. Mtsikana wina adabwera ndi chiganizo ichi: “Kuchigayo kumakhala anthu ambiri ndipo amavutika kwambiri chifukwa cha umphawi.” Anzake adayamba kumpanikiza ndi mafunso. Anthu angati? Amuna kapena akazi? Kuvutikako udakuona bwanji? Nanga umphawiwo udali utakhala pati? Mtsikanayo adabwererako, ndipo ulendo wachiwiri adalemba kuti: “Magetsi adazima 9 koloko m'mawa. Amai 14 adakhalira matumba ao pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa lili paliwombo, awiri adasenzanso chimanga chao n'kubwerera, poti ana adali atatsala okha kunyumba.” Liu lakuti umphawi lidachokamo, koma aliyense adauona. Chimene mlembi wa nthano amachitcha kuonetsa chithunzi, mphunzitsi wa ku univesite amachitcha umboni. Dzanja limene lazolowera kulemba kuti “amai 14” m'malo mwa “anthu ambiri” silidzavutika kulemba nambala ya mbeu zimene zamera m'munda woyeserera.

Chachiwiri ndi kusanja. Agogo pokamba nthano ya Kalulu sayamba ndi kuulula m'mene wapulumukira. Amadziwa chimene chiyenera kutsogola, chimene chiyenera kubisidwa kaye, ndi chimene chiyenera kutayidwa poti sichipititsa nkhani patsogolo. Wophunzira amene wayesapo kuyamba nkhani yake pakati, kapena kumathero n'kubwerera m'mbuyo, amazindikira kuti ndime zili ndi malo ake chifukwa cha womvera, osati chifukwa chakuti buku lidalamula kuti zikhale zisanu.

Chachitatu ndi kumva mau a munthu wina. Ndidawauza kuti alembe mlandu wa malire a munda pabwalo la amfumu, poyamba m'kamwa mwa wodandaula, kenaka m'kamwa mwa woyankha mlandu, ndipo owerenga asathe kudziwa mbali imene mlembi ali. Ambiri zidawakanika ulendo woyamba: munthu amene sankagwirizana naye ankamsandutsa chitsiru kapena mfiti. Atalembanso kawiri katatu adayamba kumpatsa zifukwa zomveka. Luso limeneli ndi lomwe lija limafunika m'chimangirizo chotsutsa, pamene mlembi ayenera kufotokoza mfundo ya mnzake mwachilungamo asadaigwetse, ndiponso pogwira mau a m'buku la wina popanda kuwapotoza.

Chachinai ndi kusaononga mau. Palibe mphunzitsi wouma mtima pa nkhani imeneyi woposa ndakatulo. Muuzeni wophunzira kuti nkhani yake ya tsamba lathunthu aisandutse ndakatulo ya mizere 12, mudzaona akutuluka thukuta posankha mau oti atsale. Mau onga akuti “kwambiri”, “zosiyanasiyana” ndi “monga tonse tikudziwa” ndiwo amayamba kugwa. Akadzauzidwa kuti alembe chifupikitso cha mutu wa m'buku, adzakhala atadziwa kale kulekanitsa maso a chimanga ndi gaga.

Chachisanu, ndipo chachikulu pa zonse, ndi kulembanso. Palibe munthu amene amabwerera kukapalira munda umene sadzakolola. Chimangirizo choloweza wophunzira amachipereka n'kuchiiwala, ndipo chikabwerera amangoyang'ana malikisi n'kuchipinda. Koma nkhani ya agogo ake kapena ya mudzi wake amaifera. Mukamuuza kuti ndime yachiwiri siikumveka, amakwiya pang'ono, kenaka amakaikonza, pakuti afuna kuti mumve chimene iye akudziwa. Apo wayamba kukhala mlembi.

BWALO LA ALEMBI LA KWATHU

Sitifunikira kuwoloka nyanja kuti tione njirayi ikugwira ntchito. Univesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College, imene nthawiyo idali ku Chichiri mu Blantyre, adayambitsa gulu lotchedwa Writers' Group. Ankakumana sabata ndi sabata. Munthu ankabweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, anzake n'kuiwerenga, n'kuisenda pamaso pake, ndipo wophunzira ankaloledwa kudzudzula cholemba cha mphunzitsi wake. Mu 1971 gululi lidatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau, ndipo kolejiyo itasamukira ku Zomba mu 1973 bwaloli lidapitirira kumeneko. M'bwalo limeneli mudadutsa anthu onga Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe.

Idali nthawi yoopsa kwa mlembi. Lamulo la 1968 lidapatsa boma mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku ndi masewero, chotero alembiwa adaphunzira kuyeza liu lililonse ndi kubisa nkhani zao m'zining'a, m'nthano za nyama ndi m'mbiri yakale. Ngakhale zidali choncho, Mapanje adatsekeredwa m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chimene ndifuna kuti tione pano n'chakuti onse amene ndatchulawa adadzakhalanso aphunzitsi a m'maunivesite, olemba nkhani zozama za kafukufuku. Mapanje yemweyo adatenga digiri ya udokotala pa sayansi ya ziyankhulo ku London. Ndakatulo siidawalepheretse kulemba zamaphunziro.

Bwalo lija silinkapereka malikisi, ndipo ankapitako ndi okhawo amene adali ndi chidwi. Koma chimene chinkachitika m'menemo, ndiko kuwerenga cholemba chako pamaso pa anzako, kumva pamene sadakumvetse, ndi kukachilembanso, n'chimene wophunzira aliyense wa chaka choyamba akusowa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mlembi amene sadamvepo funso la wowerenga amaganiza kuti zonse zimene zili m'mutu mwake zafika papepala.

MAU A OTSUTSA

Kungakhale kupanda chilungamo nditabisa kuti njirayi ili ndi otsutsa, ndipo ena a iwo ndi anthu oganiza mozama. David Bartholomae wa pa Univesite ya Pittsburgh, m'nkhani yake ya 1985 yotchedwa Inventing the University, adanena kuti vuto la wophunzira watsopano ndi lakuti ayenera kuphunzira kuyankhula monga m'mene amayankhulira anthu a m'phunziro limene walowa, kaya ndi mbiri, chuma kapena sayansi. Mtsutso wake ndi Peter Elbow udasindikizidwa mu 1995. Nkhawa ya Bartholomae idali yakuti wophunzira akamangolemba za moyo wake adzaganiza kuti maganizo ake ngobadwa nao, osazindikira kuti akulowa m'nkhani imene ena adayamba kale kukambirana m'mabuku, ndipo adzatsala kunja kwa mpanda pamene anzake akuphunzira chiyankhulo cha m'kati.

Ine ndikuvomereza kuti nkhawayi njoona, makamaka kwa mwana wa kumudzi amene alibe wina kunyumba womuuza za kalembedwe ka ku univesite. Kumsiya akulemba ndakatulo chaka chonse kungakhale kumnamiza. Nthano ikhale khomo lolowera, isakhale chipinda chogonamo. Mphunzitsi ayenera kumanga mlatho poyera, ophunzira akuona.

Tibwerere kwa mtsikana wa kuchigayo uja. Nkhani yake itamveka bwino, ndidamfunsa kuti: kodi m'nkhaniyi muli funso lanji limene sungaliyankhe ndi maso okha? Adaganiza, n'kunena kuti afuna kudziwa kuti kuzima kwa magetsi kumaonongetsa nthawi yochuluka bwanji kwa amai, ndiponso chifukwa chake ena amasankha chigayo cha dizilo ngakhale chili kutali. Funso limeneli lidamtuma kukacheza ndi mwini chigayo, kuwerenga anthu kwa masiku angapo, ndi kufufuza zimene ena adalemba pa za mphamvu ya magetsi m'midzi. Chimangirizo chimene chidatuluka chidali ndi mfundo, umboni ndi maina a mabuku, monga univesite ifunira. Koma chidali ndi mwini wake, pakuti funsolo lidachokera pansi pa mtengo wa mango uja.

Tiyerekeze kuti chigawo cha chaka chili ndi masabata 12. Masabata atatu oyamba akhale a kupenya ndi kufotokoza: malo amodzi, munthu mmodzi ali pa ntchito yake, chida chimodzi cha panyumba. Atatu otsatira akhale a nkhani yaifupi, kukambirana kwa anthu awiri osagwirizana, ndi ndakatulo. M'sabata ya 7 wophunzira aliyense atulutse funso m'chimodzi mwa zolemba zake, ndipo masabata otsalawo akhale a kuwerenga zimene ena adalemba pa funsolo, kuzifupikitsa, kuzitchula moyenera, ndi kumanga chimangirizo chotsutsa chimene chilembedwe kosachepera katatu. Pamlatho pamenepa mphunzitsi anene mosabisa kuti malamulo asintha. M'nthano mlembi ali ndi ufulu wopeka. M'lipoti akapeka nambala kapena mau a munthu, wachita bodza, ndipo ndi mlandu.

ZOYENERA KUSAMALA

Walira mvula walira matope. Mphunzitsi amene wasankha njirayi adziwiretu zovuta zake.

Vuto loyamba ndi kuchuluka kwa ophunzira. Munthu mmodzi sangachonge masamba a ophunzira mazana tsiku ndi tsiku. Koma si cholemba chilichonse chimene chifunika inki yofiira. Zolemba za mphindi 10 zija ndi za wophunzira mwini, ndipo mphunzitsi angoona kuti zikulembedwa. Zina ziwerengedwe m'magulu a anthu asanu, omvera atapatsidwa mafunso atatu okha oti ayankhe: kodi ndi chiganizo chiti chimene chakukhala m'mutu, ndi pati pamene wasokonekera, ndipo ukufuna kumva zambiri za chiyani? Mafunso otere amaletsa kunyozana ndiponso kuyamikirana kwachiphamaso. Kumapeto wophunzira asankhe zolemba zitatu zimene wazikonza bwino, apereke pamodzi ndi mapepala oyambirira, kuti malikisi ayeze ulendo umene wayenda.

Vuto lachiwiri ndi zinsinsi za mtima. Mukauza achinyamata kuti alembe za moyo wao, ena adzalemba za maliro, za nkhanza za kunyumba, kapena za njala imene sadauzepo munthu. Mphunzitsi asakakamize wina kuulula zotere, ndipo asapereke malikisi ochuluka chifukwa chakuti nkhani njomvetsa chisoni. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuwatuma kumsika, kudimba kapena kudoko, kuti maso ayang'ane kunja. Wofuna kulemba zakukhosi aloledwe kusintha maina ndi malo, ndiponso kukana kuti ziwerengedwe pagulu.

Vuto lachitatu ndi galamala. Ena amaopa kuti njirayi imalekerera zolakwa. Mu 1970 City University of New York idatsegula makomo ake kwa wina aliyense womaliza sekondale mumzindawo, ndipo makalasi adadzaza ndi ophunzira amene zolemba zao zidaopsa aphunzitsi. Mina Shaughnessy adasanthula zikwi za zolembazo, ndipo m'buku lake la 1977, Errors and Expectations, adaonetsa kuti zolakwa za ophunzirawo sizidali zachisawawa: zidali ndi dongosolo lake, ndipo mphunzitsi akalipeza dongosololo amatha kuchiza muzu m'malo mothyola masamba. Ifenso timazidziwa. Mwana wolankhula Chichewa amasokoneza “he” ndi “she” chifukwa chakuti kwathu liu lakuti “iye” limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo amasokoneza “l” ndi “r” chifukwa m'chiyankhulo chathu kusiyana kwake sikusintha tanthauzo. Zotere zikonzedwe ndithu, koma pa ulendo womaliza wa kulembanso, ziwiri kapena zitatu pa nthawi imodzi. Nyumba sitiikulungiza tisadaimike nsichi.

Vuto lachinai ndi chiyankhulo chenichenicho. Wophunzira wa ku Harvard ankalemba m'chiyankhulo cha amai ake. Wathu amalemba m'chiyankhulo chimene adakumana nacho kusukulu. Nthawi zambiri amaoneka ngati alibe maganizo pamene kwenikweni akusowa mau a Chingerezi. Muloleni alembe ulendo woyamba m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga, makamaka mau amene anthu a m'nkhani yake akuyankhula, kenaka alimbane ndi kuwanena m'Chingerezi. Pa kulimbana kumeneko amaphunzira zambiri za ziyankhulo zonse ziwiri kuposa m'mene akadaphunzirira pokopera ziganizo za pabolodi. Tisaiwale kuti Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba Nthondo m'chiyankhulo chathu, ndipo bukulo lidapata mphotho mu 1933 lisadamasuliridwe m'Chingerezi ndi T. Cullen Young mu 1934. Nkhani idayamba kukhala yabwino, Chingerezi chidabwera pambuyo.

MAKINA OLEMBA

Pali chifukwa chinanso chimene aphunzitsi athu akale sadachione. Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT idatulutsidwa, wophunzira amene ali ndi foni ndi intaneti angathe kupeza chimangirizo cha ndime zisanu pa mutu wa kuipa kodula mitengo madzi a tiyi asadawire. Timapepala tokwinyika tija tapeza mlowam'malo wosatopa. Mphunzitsi amene akuperekabe mitu yofanana ndi ya zaka 30 zapitazo adziwe kuti mwina akuchonga ntchito ya makina.

Koma makinawo sadakhalepo pachigayo cha kwanu Lachiwiri lapitali. Angathe kupeka chigayo, koma wopereka nkhani yotere amagwidwa ndi funso loyamba la anzake: mwini chigayoyo adati chiyani utamfunsa? Kalasi limene ophunzira amalemba pamaso pa mphunzitsi, kuwerengerana, kufunsana ndi kusunga mapepala onse oyambirira limapangitsa kuti kubera kukhale kovuta kuposa kulemba. Ndipo ngakhale wophunzirayo adzagwiritse ntchito makina pa ntchito yake yam'tsogolo, adzafunikabe kudziwa kusiyanitsa chiganizo chonena kanthu ndi chiganizo chongomveka bwino. Luso limenelo munthu amalipeza polemba yekha.

KWA INU AMENE MUKUDIKIRA

Inu achinyamata amene mwamaliza Fomu 4 ndipo muli pakhomo kudikira zotsatira kapena kuitanidwa ku koleji, miyezi imeneyi musaitaye. Gulani kope limodzi. Tsiku lililonse lembani tsamba limodzi pa chinthu chimene mwaona ndi maso anu tsikulo, monga ankachitira ophunzira a Wendell: m'mene wowotcha njerwa amasanjira uvuni, m'mene wogulitsa usipa amayezera mulu, zimene anthu adanena m'minibasi mtengo utakwera. Musalembe kuti zidali zosangalatsa kapena zomvetsa chisoni. Lembani zimene zidachitika, wowerenga asangalale kapena amve chisoni yekha. Pakutha pa sabata pezani anzanu awiri kapena atatu, muwerengerane mokweza. Manyazi adzakugwirani tsiku loyamba, koma kumbukirani kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Sankhani tsamba limodzi mwa asanu ndi awiriwo, mulilembenso. Mukatero kwa miyezi itatu mudzakhala ndi masamba oposa 90, ndipo mukadzakumana ndi funso lija lakuti “Nanga inuyo mukuti bwanji?” mudzakhala ndi poyambira.

Ndipo inu aphunzitsi anzanga a m'sekondale, tisakankhire mtolo wonse kwa a ku koleji. Mayeso tiyenera kukonzekeretsa ana, zimenezo palibe angakane. Koma phunziro limodzi pa sabata tingathe kulipatula kuti ana alembe za kwao ndi kumvana okhaokha. Ana 7 a basi ya dalaivala woledzera aja ndidawauza kuti alembenso za ulendo umene adayendadi. Mmodzi adalemba za tsiku limene adaperekeza mbuzi ya atate ake kumsika, mbuziyo n'kukana kuwoloka mlatho. Mudali zolakwa za galamala 11, ndipo tidazikonza sabata yotsatira. Kalasi lonse lidafuna kudziwa ngati mbuziyo idagulitsidwa.

M'gawo lotsatira tidzakambirana za kachongedwe ka zimangirizo, ndi mau amene mphunzitsi ayenera kulemba m'mphepete mwa pepala la wophunzira.